Nkhosa kuno kunyanja, chiweto chofatsa chomwe tikuchisiya pambali

Mukayenda mseu wa M5 kuchoka pa Kamuzu Road ku Salima kudutsa Khombedza, Benga mpaka kukafika pa boma la Nkhotakota, mbuzi mudzaziona mpaka kutopa nazo, zina zagona pakati pa mseu zina zakwera pachulu, koma nkhosa ndi za apo ndi apo, kagulu kamodzi kenako muyende mtunda wautali osaonanso. Ine zimenezi zimandidandaulitsa ndithu chifukwa msipu tili nawo, madambo tili nawo, anthu ofuna nyama aliponso. Ukafunsa anthu chifukwa chomwe saweta nkhosa mayankho ake amakhala omwewomwewo, akuti ndi yopusa, akuti nyama yake ndi mafuta okhaokha, ena akuti imangofa osadwala. Yachitatuyi ndi imene ili ndi kachoonadi mkati ndipo ndifikapo, koma tiyambe taidziwa kaye nyamayi.

Nkhosa ndi chimodzi mwa ziweto zoyambirira zomwe munthu anayamba kusunga pakhomo, zaka zoposa 10,000 zapitazo, kumadera omwe lero ndi Turkey, Iran ndi Iraq. Kuchoka kumeneko inafalikira dziko lonse ndipo kulikonse komwe inafika anthu anaisankha molingana ndi zosowa zawo. Kozizira ankafuna ubweya, ndiye kunatuluka mitundu ngati Merino ya ku Spain yomwe pano yadzaza ku Australia ndi South Africa, ndipo ku Lesotho ubweya ndi ndalama yeniyeni ya anthu akumudzi. Zathu zakuno si zaubweya wometa ayi, zili ndi cheya chachifupi, ndipo ndi bwino choncho chifukwa ndi kutentha kwa ku Chipoka mwezi wa Okotobala nkhosa yovala ubweya wochindikala ingavutike koopsa. Ndiye wina asakunamizeni kuti muweta nkhosa zakuno n'kumagulitsa ubweya, phindu lake lili kwina.

Chomwe chimaoneka msanga pa nkhosa yathu ndi mchira wonenepa uja. Mchira umenewu ndi nkhokwe yake, nthawi ya dzinja msipu ukachuluka imasunga mafuta m'menemo, chilimwe chikafika udzu wauma kapena anyamata osaka mbewa atentha tchire, thupi limayamba kutapa mafuta aja pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mlimi wodziwa amagwira mchira ndi msana kuti adziwe ngati chiweto chikudya bwino. Mchira ukafota n'kumangolendewera chikopa chokha, dziwani kuti pali njala kapena matenda.

Tsono nkhani ya kadyedwe ndi imene imasiyanitsa kwambiri nkhosa ndi mbuzi, ndipo apa ndi pomwe ine ndimaona kuti tikutaya mwayi. Mbuzi imadya choyang'ana m'mwamba, masamba a mitengo, zitsamba, makungwa, imaima ndi miyendo iwiri kufikira nthambi, ikaona mpanda imafuna poboola. Nkhosa imadya choweramira pansi, udzu waufupi ndi tizitsamba tating'onoting'ono. Mlomo wake wam'mwamba ndi wogawikana pakati ndiye imatha kusankha kamsipu kanthete n'kukadula pafupi penipeni ndi dothi, pomwe ng'ombe singathe chifukwa iyo imakulunga udzu ndi lilime. Mano akutsogolo am'mwamba ilibe, pali chinkhama cholimba basi, mano akutsogolo ali pansi okha ndipo alipo 8. Ikameza udzu umapita m'chifu chomwe chili ndi zigawo zinayi, m'chigawo chachikulucho muli tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timaphwanya udzu uja, kenako nkhosa imagona pamthunzi n'kumabzikula, kubweza chakudya kukamwa kuchitafunanso. Tizilombo timeneti ndi tomwe timasandutsa mapesi ndi udzu wouma kukhala nyama, ndipo tizilomboti sitifuna kudzidzimutsidwa. Nkhosa yomwe yazolowera udzu mukaipatsa madeya beseni lonse tsiku limodzi, kapena ikapeza thumba la chimanga lotsegula, mimba imasasa n'kutupa ndipo itha kufa usiku womwewo. Chakudya chatsopano chilichonse muziyamba ndi kadzanja kamodzi n'kumaonjezera masiku akamapita.

Chifukwa choti zimadya zosiyana, nkhosa ndi mbuzi sizilimbirana kwenikweni msipu, mutha kuweta zonse pamalo amodzi malowo n'kukupatsani nyama yambiri kuposa mutaweta mtundu umodzi. Komanso milandu ya kwa amfumu ija yoti chiweto chadya mmera wa aneba imachepa, osati nkhosa singadye chimanga chanthete, imadya ndithu ikachipeza, koma siyendayenda payokha kufunafuna mavuto, zimayenda pamodzi ndipo mwana mmodzi atha kuzikusa zonse osathamanga thukuta kamukamu. M'munda wa mango kapena malalanje omwe akula kale, nkhosa zimagwira ntchito yotchetcha udzu kwinaku zikuthira manyowa, mitengo ing'onoing'ono yokha ndi yofunika kuitchingira. Kumayiko ena ngati America ndi ku Ulaya makampani a magetsi a sola amachita kulipira alimi kuti abweretse nkhosa zizidya udzu pansi pa mapanelo, mbuzi sazifuna chifukwa zimakwera pamwamba ndi kutafuna mawaya. Ife kuno ku Salima tili ndi famu yaikulu ya sola ku Nanjoka yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2021, yotulutsa mamegawati 60, ndiye nkhani ngati imeneyi si yakutali nafe monga momwe timaganizira.

Za manyowa ndiye sindingazidumphe ndi mmene feteleza wakwerera mtengomu. Ndowe za nkhosa ndi timibulu touma, tosavuta kunyamula, ndipo mukamanga khola lam'mwamba lija lokhala ndi mipata pansi, ndowe ndi mkodzo zimagwera pansi inu n'kumangokokola. Mukaziunjika ndi zinyalala za m'khola n'kuzisiya ziwolerane, kudimba la tomato kapena mpiru zimachita zodabwitsa, ndipo omwe amapanga manyowa a Mbeya aja osakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono, ndowe za nkhosa zimalowa bwinobwino. Dothi lathu lambiri kufupi ndi nyanja ndi lamchenga, feteleza wa m'thumba amakokoloka msanga mvula ikagwa yambiri, chomwe limasowa ndi zowolerana zoti zigwire chinyezi. Ndipo chakudya choti nkhosa ipange manyowawo ndi zinthu zomwe timazitentha chaka ndi chaka, masangwi a mtedza, mapesi, udzu wa mpunga wa ku Lifuwu kapena ku Bua, makoko a nandolo. Masangwi a mtedza makamaka, amenewo ndi chakudya chapamwamba, muwaumitse pamthunzi n'kuwasunga pathandala pouma, mudzawayamika mu Novembala. Mitengo ya msangu yomwe yadzaza m'minda ya ku Salima imagwetsa nyemba zake nthawi yomwe msipu wasowa ndipo ziweto zimazikonda zedi. Kwa anzathu a kondowole ku Nkhotakota, makoko a chinangwa nawo ndi chakudya koma ayambe aumitsidwa padzuwa bwinobwino, aawisi makamaka a chinangwa chowawa ali ndi poizoni wopha. Lukina ndi wabwino koma wosakaniza ndi udzu, akachuluka yekhayekha nkhosa imayamba kuthothoka cheya.

Kumayiko ena amakamanso nkhosa, mkaka wake ndi wamafuta kuposa wa ng'ombe ndipo tchizi zotchuka ngati Feta ya ku Greece ndi Roquefort ya ku France zimachokera kumeneko. Mafuta a mu ubweya otchedwa lanolin amalowa m'zodzoladzola, matumbo amapangira zikutu za masoseji. Zathuzi mkaka wake ndi wongokwanira mwana, tisalimbane nazo.

Msika wake nanga? Maboma athu awiriwa, Salima ndi Nkhotakota, ali ndi Asilamu ambiri, ku Nkhotakota kuyambira nthawi ya a Jumbe, ndipo chaka chilichonse pa Eid ya nsembe ija, Eid al-Adha, pamafunika ziweto zozinga, komanso mwana akabadwa pali mwambo wa aqiqah pomwe amazinga ziwiri kwa mwana wamwamuna ndi imodzi kwa wamkazi. Nkhosa imaloledwa pa zonsezi, chachikulu ikhale yathanzi, yosatsimphina, yosafa diso, yosawonda. Mlimi woganiza amawerengera miyezi n'kunenepetsa zamphongo zake kuti zikwane nthawi imeneyo. Onjezani malo ogona alendo a ku Senga Bay ndi mabutchala a ku Lilongwe komwe ndi ulendo wa maola awiri osakwana kuchoka ku Salima, muona kuti vuto si kusowa ogula koma kuti wogula akabwera amapeza ziwiri zitatu basi. Zoti nyama yake imanunkha, fungo limakula pa yamphongo yokalamba yosathena, nyama ya nkhosa yaing'ono yosakwana chaka ndi yofewa ndipo pa kanyenya siigonja kwa mbuzi.

Pa nkhani yoti ndi yopusa ndimatsutsa ndi mtima wonse. Akatswiri a ku Babraham Institute kufupi ndi Cambridge ku England anaonetsa mu 2001 kuti nkhosa imatha kukumbukira nkhope za nkhosa zinzake 50 kwa zaka ziwiri, ndipo mu 2017 ena a ku yunivesite ya Cambridge anaziphunzitsa kuzindikira nkhope za anthu pa zithunzi, china mwa zithunzizo chinali cha Barack Obama. Nkhosa yaikazi imadziwa mwana wake ndi fungo patangopita maola ochepa chibadwire ndipo wa inzake imamukankha. Chomwe timachitcha kupusa ndi mantha a nyama yomwe ilibe chodzitetezera, ilibe mano oluma, liwiro lake ndi lochepa, chitetezo chake ndi gulu basi. Maso ake ali m'mbali mwa mutu ndipo kamwanadiso kake ndi kopingasa, imaona pafupifupi mbali zonse osatembenuka, koma kuyeza kuya kwa dzenje kapena ngalande kumaivuta, n'chifukwa chake imakanirira pakhomo la khola lamdima kapena pamadzi inu n'kumaimenya ulere. Ikatsala yokha imasokonezeka mutu, choncho kugula nkhosa imodzi n'kuimangirira pamtengo ndi kuizunza, yambani ndi zitatu kapena kuposa. 

Tsopano tibwere ku zija zoti imangofa osadwala. Imadwala abale anga, kungoti siionetsa. Nyama yomwe kutchire imasakidwa imabisa kufooka chifukwa yooneka yodwala ndi imene fisi amayamba nayo, ndiye nkhosa imapirira chamumtima, siilira ngati mbuzi, imangotsalira pang'ono m'mbuyo mwa zinzake, makutu kugwa, kusiya kubzikula, ndipo tsiku lomwe mwini wake waona kuti yagona osadzuka matenda amakhala atadya kale masabata. Ndipo poti imadya pafupi ndi dothi, imatola nyongolotsi zambiri kuposa mbuzi yomwe ikudya masamba m'mwamba.

Mdani wamkulu ndi nyongolotsi ina yaing'ono yofiira yomwe akatswiri amaitcha Haemonchus, imakhala m'chigawo chomaliza cha chifu n'kumayamwa magazi. Yaikazi imodzi imaikira mazira masauzande patsiku, mazira amatuluka ndi ndowe, kukakhala kotentha ndi chinyezi ngati kuno nthawi ya dzinja amaswa m'masiku ochepa, timphutsi take timakwera pa udzu wonyowa ndi mame kudikira kudyedwa. Nkhosa yogwidwa nthawi zambiri siitsegula m'mimba n'komwe, imangotha magazi, kenako pansi pa chibwano pamatupa madzi, kenako yapita. Njira yoidziwira msanga ndi yaulere ndipo inapangidwa ku South Africa, amaitcha FAMACHA. Mumagwira nkhosa poyera pali dzuwa, kukokera chikope cham'munsi pansi n'kuyang'ana mtundu wa mkati mwake. Kukakhala kofiira bwino ili bwino, kukayamba kutuwa ndiye magazi akuchepa, kukayera ndiye mwachedwa kale thamangani. Pali kakhadi ka mitundu isanu koyerekezera komwe alangizi a ziweto angakuonetseni, koma ngakhale opanda khadi diso limazolowera. Nthawi ya mvula chitani zimenezi masabata awiri aliwonse, nkhosa iliyonse, osati kungoyang'ana gulu patali.

Ubwino wa njirayi ndi woti mumamwetsa mankhwala zokhazo zomwe zikufunika. Chizolowezi chomwetsa khola lonse mwezi ndi mwezi, mankhwala amodzimodzi, mlingo wongoganizira, ndi chimene chapangitsa kuti m'mayiko ambiri nyongolotsi zisiye kumva mankhwala, ku South Africa vutoli ndi lalikulu kwambiri. Mukamwetsa mlingo wochepa mumapha zofooka zokha, zolimba zimatsala n'kuswana. Ndiye yezani kulemera kwa chiweto, tsatani zomwe zalembedwa pabotolo, funsani a vetenale, ndipo mankhwala a nyongolotsi otchedwa albendazole musamwetse nkhosa yomwe yangotenga bere kumene chifukwa atha kuwononga mwana m'mimba. Mukamwetsa kapena kubaya dikirani masiku omwe alembedwa musanaphe kuti anthu adye. Ndipo nkhosa yomwe nthawi zonse ndi iyo yokhayokha yotuwa maso pomwe zinzake zili bwino, imeneyo igulitseni, musasungeko mbewu.

Mdani wachiwiri ndi wa kumadambo, ndipo ife a kunyanja atikhudza kwambiri. Ndi nyongolotsi yaphanthiphanthi ya m'chiwindi, omwe amapha ziweto amaidziwa, chiwindi chimakhala cholimba chamitsempha yoyera ukachidula tinthu tokhala ngati tsamba tikutuluka. Moyo wake umadutsira mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi osayenda, kuchoka mu nkhono imakamatirira pa udzu wa m'mphepete mwa madzi. Nthawi yoopsa ndi chilimwe pomwe kumtunda kwauma ndipo aliyense akukusira ziweto kudambo, m'mbali mwa Chia, m'mathamanda a Linthipe kapena m'minda ya mpunga akakolola. Mankhwala ambiri a nyongolotsi wamba saipha imeneyi, imafuna akeake, ndiye pogula nenani kuti mukufuna a nyongolotsi za m'chiwindi. Ngati n'kotheka zimwetseni madzi a pamjigo m'beseni kusiyana ndi kuzisiya zilowe m'thope. Thope lomwelo limawoletsanso ziboda, nkhosa n'kuyamba kutsimphina kapena kudya chogwada, khola louma lam'mwamba ndi kuwenga ziboda zikatalika zimachepetsa zimenezi. Nkhupakupa nazo zimabweretsa matenda ena opha msanga, muziyang'ana pansi pa mchira, m'makutu ndi pakati pa ziboda. Omwe ali kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota akudziwa kale za kashembe, tizilombo tomwe amafalitsa timagwiranso ziweto, ziwetozo zimawonda ndi kutha magazi, choncho kumeneko maso otuwa si nyongolotsi zokha, a vetenale aone.

Kanthu kena komwe ambiri sadziwa, nkhosa siigwirizana ndi mchere wa kopa ukachuluka. Chiwindi chake chimausunga osautaya mpaka tsiku lina umasefukira m'magazi n'kuipha. Zakudya za m'sitolo za nkhumba, nkhuku ngakhale zina za ng'ombe amathiramo kopa wambiri, ndiye musaipatse zotsala za nkhumba kapena chibuluma chonyambita cha ng'ombe musanawerenge ngati chalembedwa kuti ndi cha nkhosanso. Mchere wamba wa kukhitchini pang'ono ulibe vuto.

Kuswana kwake, yaikazi imafuna yamphongo pafupifupi masiku 17 aliwonse, bere ndi miyezi isanu, ndipo kuno kotentha zimaswa nyengo iliyonse, moti yodya bwino itha kuswa katatu pa zaka ziwiri. Apa ndinene chilungamo, mbuzi imaposa, mapasa ndi ochuluka ku mbuzi pomwe nkhosa zathu nthawi zambiri ndi mwana mmodzi, ndiye amene akufuna khola lidzaze msangamsanga adziwiretu. Msoti utha kutenga bere usanakwane chaka koma ndi bwino kuudikira ukhwime, ukatenga uli mwana umapinimbira. Mwana akabadwa ayamwe mkaka woyamba wachikasu uja m'maola oyambirira, ndi umene uli ndi chitetezo, pamchombo pakani ayodini, ndipo mayi ndi mwana akhale pawokha masiku awiri atatu kuti adziwane. Yamphongo imodzi imakwanira zazikazi 20 mpaka 30, zotsalazo thenani zikadali zazing'ono. Ndipo chonde sinthanani zamphongo ndi alimi a mudzi wina pakapita chaka kapena chaka ndi theka, tate asakwere ana ake, makola ambiri ang'onoang'ono amatha chifukwa cha chibale, ana kubadwa ofooka osadziwika chifukwa. Ana asamasewere ndi mutu wa yamphongo ikadali yaing'ono, ikakula imagunda ndipo itha kuthyola munthu mwendo.

Ambiri akamva za nkhosa amathamangira kufunsa za Dorper, ija yoyera thupi mutu wakuda. Inapangidwa ku South Africa m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 pokweranitsa Dorset Horn ndi Blackhead Persian, ndipo zoona imakula msanga, nyama yake ndi yambiri. Koma inapangidwira malo ouma, ikafika pachinyezi chathu nyongolotsi zimaigwira kuposa zamakolo, ndipo thupi lalikululo limafuna chakudya chambiri. Maganizo anga ndi oti amene akuyamba ayambe ndi zazikazi zamakolo, aphunzire kuona maso ndi kusunga masangwi, chaka chimodzi chidutse popanda maliro m'khola, kenako ndiye abweretse yamphongo ya Dorper kapena ya kholo limodzi la Dorper kuti ana akhale ndi thupi koma kupirira kwa amayi awo kusatayike.

Pogula musadalire mawu a wogulitsa pa zaka, tsegulani kukamwa. Mano onse 8 akakhala ang'onoang'ono ofanana ndiye siinakwane chaka, awiri apakati akakhala aakulu ndi ya chaka chimodzi kapena chaka ndi theka, anayi aakulu ndi zaka ziwiri, asanu ndi limodzi zaka zitatu, onse akakhala aakulu yafika zinayi, ndipo akayamba kutalikirana, kuperepeseka kapena kuguluka ndiye yakalamba singathenso kudula udzu bwino, imeneyo ndi ya ndiwo osati yoweta. Onani maso, gwirani mchira ndi msana, onani ziboda zonse zinayi, kwa yaikazi gwiraninso bere la mkaka ngati mulibe zotupa zolimba. Kugula kwa mlimi yemwe khola lake mwaliona ndi bwino kuposa pamsika pomwe ziweto za kosiyanasiyana zasakanikirana. Mukafika nayo kunyumba isalowe m'khola tsiku lomwelo, ikhale payokha koma poti izitha kuona zinzake kwa masabata atatu kapena anayi, muimwetse mankhwala a nyongolotsi ndi kuipopera a nkhupakupa, ndipo ndowe za masiku amenewo muzikokole n'kukaziika pa mulu wa manyowa osati pamsipu pomwe zinzake zimadya.